Mwanayu Samva Chichewa

1

Apolisi a kuno ku England amadziwa kusintha munthu dzina, koma sadziwa kuti Mmalawi amayenda ndi maina angati. Ine pa pasipoti ndinali Eneless, kunyumba ndinali mayi a Nthanda, ndipo kutchalitchi kwathu ku Newcastle ndinali Nachisale, mkazi wa a Sosten. Maina onsewa ndawapotoza pang'ono polemba nkhaniyi, ndipo chifukwa chake muchiona.

A Sosten anali munthu womveka. Anali ndi kampani yopezera anthu ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo wofuna viza kuchokera ku Lilongwe kapena ku Lusaka ankadzera mwa iwo. Kutchalitchi ankakhala mpando wakutsogolo, pamaliro ankapatsidwa mwayi woyankhula. Ine ndinkayenda mutu uli m'mwamba. Ndinkadziwa kuti m'kabati yakuchipinda kwathu munali mapasipoti a anthu ena. Ndinkadziwanso kuti McDonald ndi anzake, anyamata amene ankabwera kwathu Lamulungu masana, sanali a kwaya. Koma ndinali wokhuta, ndipo sindinkafunsa kumene ndiwo zachokera.

Zokambirana zawo ankachitira pa tebulo lodyera, m'Chichewa, mwana wathu Nthanda akulemba za kusukulu mbali inayo, mahedifoni ali m'makutu. Nthanda anabadwira konkuno ndipo nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ukamuyankhula m'Chichewa ankangokuyang'ana n'kufunsa m'Chingerezi kuti wati chiyani. Mlendo akakayikira, a Sosten ankaseka.

"Yankhulani momasuka. Uyu ndi mzungu wakuda, samva Chichewa."

Anyamata aja ankaseka nawo. Ine zinkandichititsa manyazi, chifukwa amayi anzanga kutchalitchi ankanong'onezana kuti ndataya mwana. Ndinamunyengerera, ndinamukalipira, ndinamugulira ndi kabuku ka nyimbo komwe, koma Nthanda sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe la kwathu.

2

Yasini anali mnyamata wa ku Mangochi, wamtali, wosachedwa kuseka. Anagwira ntchito pansi pa kampani ya a Sosten mpaka atatopa ndi mashifiti osatha, ndipo anayamba kufuna pasipoti yake. Atamuzengereza ananena poyera kuti akadandaula ku boma. Lamulungu lina anabwera kwathu, anadya, anatsanzika mwaulemu. Sabata isanathe thupi lake linapezeka mumtsinje wa Tyne, kunsi kwa mlatho.

Tinasonkhana pa siwa m'nyumba ya mnzake, tinaimba mpaka mawu kusasa. A Sosten anayankhula mokhudza mtima za mwana wabwino amene wapita. Ndinalira nawo, ndipo misozi yanga inali yeniyeni.

Apolisi anabwera m'mawa wina tikumwa tiyi. Anawatenga a Sosten, anatenga ndi mapasipoti aja. McDonald anawapulumuka. Tsiku lomwelo kunabwera mayi wina wapolisi wovala wamba, wamfupi, woyankhula mosathamanga, dzina lake Edwina. Anatiuza kuti pa mapepala akhoti pali munthu wongotchedwa Mboni A, amene anamva a Sosten akulamula anyamata awo pa tebulo lathu lija kuti, "Mukamuperekeze mpaka pa mlatho, asakabwerenso." Anyamatawo sadzavutika kuganiza kuti mboniyo ndi ya m'nyumba muno, anatero Edwina, choncho tilongedze zimene tingathe kunyamula. Boma litibisa mpaka mlandu utazengedwa.

Anandipempha foni yanga. Ndinati ndipite kaye kuchimbudzi. Nditadzitsekera ndinatsegula gulu la amayi a kutchalitchi pa WhatsApp n'kujambula uthenga wamawu.

"Amayi, ndine Nachisale. Amene waulula za a Sosten ndine. Wofuna kukwiya akwiyire ine."

Edwina atamva zimene ndachita nkhope yake inafiira. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ndadzipachika chingwe ndekha. Ndinati ndikudziwa, ndipo ndinamupatsa foni ija.

3

Anatipititsa ku Bolton, m'kanyumba ka njerwa zofiira kolumikizana ndi tinzake mzere wonse. Ine ndinasanduka Daphne. Nthanda nayenso anapatsidwa dzina lachizungu limene analizolowera msanga kuposa mmene ine ndinazolowerera langa. Malamulo a Edwina anali achidule: osaimbira foni aliyense wakale, osapita kutchalitchi cha Amalawi, osapita kumaliro ngakhale a ndani, osayankhula Chichewa kunja kwa nyumba. Anati anasankha dera limene kulibe anthu a kwathu. Ndinafuna kumuuza kuti malo opanda Mmalawi kulibe pa dziko lino, makamaka kumene kuli okalamba ofuna kusambitsidwa, koma ndinangomusiya.

Anandifunsanso ngati pali dzina lina limene anthu amandidziwa nalo. Ndinati palibe. Sindinanamize dala. Kwa ine Nachisale silinali dzina ayi, unali ulemu chabe, chiwongo chimene munthu amakuitanira akafuna kukuthokoza kapena kukusangalatsa. Silinalembedwepo pa pepala lililonse.

Miyezi imeneyo inali yowawa. Ndinkadzuka, kuperekeza mwana kusukulu, kubwerera, n'kukhala kuseri kwa katani. Galimoto ikaima panja ndinkasuzumira kuti ndione amene watsika. Ndinkadziwa kuti ku Newcastle akunditcha Yudasi, ndipo ena mwa onditchawo anali omwe mapasipoti awo anali m'kabati mwathu. Koma ndikamuona Nthanda akubwera kuchokera kusukulu ali wamoyo, chikwama kumsana, ndinkati anene zimene anganene. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: mwanayu afike tsiku la mlandu, adutse, akule.

4

Loweruka lina ndinapita kumsika wa m'tauni kukagula nsomba. Ndinali nditawerama kusankha, chipewa chitaphimba theka la nkhope, pamene kumbuyo kwanga kunamveka mawu a mzimayi.

"Nachisale!"

"Wawa!"

Liwulo linatuluka lokha, Daphne asanaganize n'komwe. Potembenuka ndinaona mayi Dorcas, amene tinkaimba limodzi mu kwaya ya amayi ku Newcastle, atanyamula thumba la kabichi. Anali atapeza ntchito m'nyumba ina ya okalamba ku Bolton komweko. Anandikumbatira akulira, ndipo ine ndinalira nawo, chifukwa panali patapita nthawi munthu asanandiitane ngati munthu.

Ndinawakokera pambali n'kuwachonderera kuti asauze aliyense. Analumbira. Anati pakamwa pawo ndi pamanda, ndipo adzangondiika m'mapemphero. Mawu omalizawo ndi amene ndinayenera kuwaopa. Inu amene munakhalapo mu gulu la amayi mukudziwa kuti chinsinsi kwathu sichiululidwa, chimangoperekedwa ngati pempho la pemphero. Ndinadzamva pambuyo pake kuti madzulo omwewo analemba pa gulu paja kuti amayi tigwade, mlongo wathu Nachisale ndamuona ku Bolton, waonda kwambiri. Sanafune kundipweteka. Koma mu gulu lomwelo munali mkazi wa McDonald.

Nditafika kunyumba ndinauza Nthanda yekha, koma ndinayenera kumuimbira Edwina tsiku lomwelo. Sindinatero, chifukwa ndinkadziwa kuti atisamutsanso, ndipo Nthanda anali atangopeza mnzake woyamba, kamtsikana kena ka pa mzere wathu. Ndinadziuza kuti mayi Dorcas ndi munthu wa Mulungu. Ndinaiwala kuti chakudza sichiimba ng'oma.

5

Loweruka lotsatira ndinapita ndi Nthanda kukagula nsapato za kusukulu. Pobwerera mvula inayamba kuwaza, ndipo tinaima podikirira basi, ife awiri ndi agogo ena achizungu. Nthanda anali atatsamira galasi, mahedifoni m'makutu, maso pa foni.

Galimoto yakuda inaima pamalo peniyeni poima basi. Munatuluka McDonald, atavala jekete yabwino, akumwetulira ngati takumana paukwati. Wina amene sindinkamudziwa anatsala pa chiwongolero injini ikulira.

"Alamu, mwasowatu. Mvula iyi simungaimire basi. Tiyeni tikuperekezeni."

Ndinayang'ana manja a McDonald. Dzanja lake lamanja linali m'thumba la jekete ndipo silinatulukemo. Anayang'ana Nthanda, kenako anawerama pawindo n'kuuza mnzake uja, mosabisa n'komwe, kuti mwanayu amusiye akwere basi, alibe mlandu ndiponso samva kanthu, ofunika ndi mayi ake okha.

Ndikuuzeni zoona, nditamva mawu amenewo mtima wanga unakhala pansi. Uthenga uja ndinajambula m'chimbudzi unali utagwira ntchito yake. Chimene chinatsala chinali chakuti basi ifike, mwana akwere, chitseko chitsekeke, kenako ine ndilowe m'galimotomo. Ndinamuuza Nthanda m'Chingerezi kuti amalume ake andiperekeza, iye atsogole kunyumba. Sanadzutse mutu.

Basi inali isanaoneke, choncho ndinayamba kupereka moni. Ndinamufunsa McDonald za moyo wake. Ndinafunsa za mkazi wake, za ana mmodzimmodzi, za mayi ake ku Ntcheu ndi mwendo wawo uja unkawavuta, za mvula kumudzi ngati yagwa bwino chaka chino. McDonald anali chigawenga, koma analeredwa ndi anthu. Kudula moni wa munthu wamkulu pakati kunamukanika. Ankayankha mwachidule mano atalumana, "Ali bwino, kaya inu," maso akuponya kumsewu, ine n'kupeza wachibale wina womufunsa.

Basi inatulukira. Poti galimoto ija inali itatseka malo ake, dalaivala anaimika basi mopingasa kutsogolo kwake n'kuliza hutala. Agogo aja anakwera. Nthanda anaponda pakhomo la basi, anayankhula kanthu kwa dalaivala mwamsangamsanga, koma sanalowe. Anaima pomwepo, phazi limodzi mkati lina kunja. McDonald ananditsegulira chitseko chakumbuyo cha galimoto n'kundigwira pachigongono. Ndinayamba kuwerama kuti ndilowe.

"Amayi, musakwere. Yasini anamuperekezanso chonchi."

Anali mawu a mwana wanga, m'Chichewa, lilime likupindika mwachizungu koma liwu lililonse lili pamalo pake. Ndi Chichewa choyamba chimene ndinamva kuchokera pakamwa pake patapita zaka zambiri.

Dzanja la McDonald linamasuka pachigongono panga. Anayang'ana Nthanda kukamwa kuli yasa, kenako anayang'ana ine, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti wazindikira zonse. Anasuntha phazi kulunjika kwa mwanayo. Ine ndinamugwira jekete ndi manja onse awiri n'kukhala pansi m'matope, kumukoka ndi thupi langa lonse, ndikukuwa. Dalaivala wa basi anatsika, mzibambo wonenepa wa tsitsi la imvi, ndipo anthu ena anatsika naye. Mnzake wa McDonald anayesa kubwerera m'mbuyo koma kumbuyoko magalimoto anali atandandalika kale. Patali panamveka kulira kwa galimoto za apolisi.

M'mahedifoni muja munalibe nyimbo. Chiimireni galimoto ija, Nthanda anali ataimbira Edwina, ndipo Edwina anamva moni wanga wonse, mpaka mwendo wa mayi a ku Ntcheu.

6

Tsopano ndikuuzeni chimene ndinakubisirani. Mboni A sindinali ine. Lamulungu limene Yasini anabwera kwathu, atangotsanzika ine ndinatuluka kukasiya mbale kwa mnansi. Mawu aja a pa tebulo sindinawamve. Anawamva ndi Nthanda.

Anandiuza patapita masiku kuchokera pa siwa ija, tili awiri m'khitchini, m'Chingerezi chake chomwecho. Anati wakhala akumva Chichewa kuyambira ali wamng'ono. Kuyankhula ndiko ankaopa, chifukwa tsiku lina ali wachichepere anayesa kupereka moni kwa alendo, iwo n'kuseka mmene anatchulira mpaka misozi, bambo ake akuseka nawo. Chiyambire pamenepo anatseka pakamwa, koma makutu sanatseke. Mawu oti kuperekeza ankawadziwa bwino, poti ndi amene ndinkanena ine alendo akamapita. Atamva bambo ake akuti Yasini akaperekezedwe mpaka pa mlatho, anaganiza kuti ndi ulemu. Atamva kumene thupi lapezeka, anasiya kugona.

Sanadikire kuti ine ndiganize. Anali atauza kale mphunzitsi wake, ndipo mphunzitsiyo anali ataitana apolisi. Ndinakhala pansi m'khitchinimo. Ndinakwiya, ndinachita mantha, ndipo pansi pa zonsezo ndinachita manyazi, chifukwa mwana anachita chimene ine mayi wake ndinachizemba kwa zaka. Ndinkawadziwa anyamata a bambo ake. Ndinkadziwa kuti akadzadziwa amene waulula sadzafunsa msinkhu. Choncho ndinamulumbiritsa kuti apitirize kukhala wosamva, ndipo mlanduwo ndinausenza ine. Ndinalolera kutchedwa Yudasi kuti onse aziyang'ana kwa ine.

Mu galimoto ya apolisi tsiku la basi lija ndinamukalipira Nthanda. Ndinamufunsa chifukwa chake anayankhula, komanso chifukwa chake sanangonena m'Chingerezi. Anati m'Chingerezi anandiuza kale nthawi zambiri kuti ndimuimbire Edwina za mayi Dorcas, ine osamva.

"Inu mumamva Chichewa chokha, amayi," anatero.

7

Usiku womwewo tinachoka ku Bolton. Nthanda sanatsanzike mnzake uja, ndipo nsapato zatsopano zinatsala podikirira basi.

Mlandu utafika, Nthanda anapereka umboni ali m'chipinda china, khoti likumuonera pa kanema. Dzina la Mboni A linalibenso ntchito, poti McDonald anali atauza kale aliyense. Loya wa a Sosten anaimirira ndi mfundo imodzi: mwanayu samva Chichewa, bambo ake, abale ndi mpingo wonse angachitire umboni, choncho zimene akunena anachita kuphunzitsidwa ndi mayi ake. Anawonjezera kuti kuperekeza ndi mwambo wabwino wa Amalawi, kutulutsa mlendo pakhomo basi. Woweruza analola kuti womasulira, mayi wina wa ku Zambia, amufunse mwanayo m'chiyankhulo chomwecho.

Mayiyo anamufunsa zimene anamva. Nthanda anabwereza mawu onse a pa tebulo paja, mmene ananenedwera, ndi amene anayankha, ndi amene anaseka. Kenako anayang'ana mu kamera n'kuwonjezera chimene sanafunsidwe.

"Adadi, ndinkamva. Masiku onse aja ndinkamva."

Ine ndinali kumbuyo kwa khoti, kuseri kwa chotchinga, koma a Sosten ndinkawaona. Ndinakhala nawo m'banja zaka zambiri osawaonapo akulira, ngakhale pa maliro a mayi awo. Tsiku limenelo anaika mutu pa thabwa la kutsogolo kwawo, mapewa akugwedezeka. Sindikudziwa ngati ankalirira Yasini, ndende imene inkawadikira, kapena kuti mwana wawo wawayankhula m'chiyankhulo chawo kwa nthawi yoyamba, ndipo ndi mawu amenewo. Khoti linawapeza olakwa, iwo ndi McDonald ndi ena awiri.

8

Lero tili m'tauni ina imene sinditchula, ndi maina ena achitatu. Edwina atandifunsanso za maina, ndinamuuza onse, ndi chiwongo chomwe, mpaka limene agogo anga ankandinyoza nalo. Ndaphunzira kuyenda mumsika ngati wogontha. Tsiku lina mzimayi wina anaitana mnzake kuti Nachisale, ine ndinaluma lilime mpaka kulawa magazi, n'kupitiriza kusankha tomato.

Nthanda ndiye wandilola kulemba izi, ndipo anati ndiuze makolo anzanga a kuno chinthu chimodzi. Inu amene mumakambirana za ngongole za anzanu, za zibwenzi, za mapepala achinyengo, mwana ali pomwepo, mukudalira kuti poti amayankha m'Chingerezi ndiye kuti samva, dziwani kuti kusayankha si kusamva. Amamva mukamanena abale anu, amamva mukamanena iye. Ndipo akayesa kuyankhula lilime n'kupindika, musamuseke. Ife tinamuseka kamodzi, iye n'kutisungira mawu athu onse.

Ineyo ndinapempha Mulungu kwa zaka kuti mwana wanga ayankhule Chichewa, ndipo anandiyankha. Tsopano amachiyankhula tsiku ndi tsiku, amafunsa matanthauzo a mawu, amaimba nyimbo za m'kabuku kaja akutsuka mbale. Koma ena mwa anzawo a bambo ake akadali kunja, ndipo lamulo lija losayankhula Chichewa kunja kwa nyumba silinasinthe. Dzulo tili mu basi anandikodola n'kuyamba kundiuza nkhani ya kusukulu m'Chichewa, akuseka, maso akuwala. Ndinayang'ana amene anakhala kumbuyo kwathu, ndinamugwira dzanja, ndipo ndinamuuza m'Chingerezi kuti akhale chete mpaka tikafike kunyumba.